Makatani a Khomo la Nambala 6

Chaka chonse, mtsikana wina yemwe anali telala ankangodziwa nsapato za aneba ake, osati nkhope zawo. Ankalawirira ku fakitale yosoka mayunifolomu n'kubwerako atatheratu. Tchuthi cha kumapeto kwa chaka chitafika, fakitale inatseka masabata atatu. Apa mpamene anazindikira kuti nsapato zazikulu za pakhomo la nambala 6 zili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo amamwetulira moopsa.

Anakumana pachingwe choyanikira zovala, mphepo itagwetsera bulauzi yake m'matope.

"Pepani aneba," anatero bamboyo akuitola. "Ine ndine wamagetsi, wa pa 6. Kodi ndinu eni mashini aja amandiimbira nyimbo Lamlungu lililonse?"

"Amakusokonezani?"

"Akasiya kulira mpamene ndimasokonezeka."

Mawu otchipa bwanji! Koma mtsikanayu anali atakhala zaka ziwiri popanda womufunsa kuti wadzuka bwanji, ndiye anawameza osatafuna.

Mawa lake wamagetsi anabwera kudzakonza soketi yomwe inkathetheka kuseri kwa mashini. Ntchito ya mphindi khumi inatenga tsiku lonse. Sabata isanathe, "aneba" anali atasanduka "Kasingano kanga."

"Kasingano, nyumba yanga ikuoneka ngati sitolo yotsekedwa," anamuuza tsiku lina. "Undisokere makatani. Mtundu usankhe wekha. Nanga si iweyo uzidzawatsegula m'mawa uliwonse?"

Anasankha achikasu. Anayeza mawindo onse anayi, n'kusoka masiku atatu msana uli gwa, mpendero uliwonse akuubwereza kawiri. Mayi ake atamuimbira foni kufunsa ngati abwere kudzawaona patchuthipo, anayankha mwamanyazi.

"Chino ayi, amayi. Koma ndikadzabwera, sindidzabwera ndekha."

Mayiwo analulutira pafoni pomwepo.

Tsiku lomwe anapachika makataniwo, uthenga unalowa: "Chaka chikubwerachi, makomo awiriwa akhala khomo limodzi. Ndalumbira, wapamtima." Anauwerenga kangati? Ngakhale iye mwini sakanatha kunena.

Loweruka lomaliza la tchuthi, galimoto inaima panja n'kutsitsa masutikesi. Telala sanalabadire. Anthu ambiri anali akubwerera kuchokera kwa achibale.

Masana kunamveka kugogoda.

"Odi aneba!"

Pakhomo panaima mayi wamfupi, wankhope yofatsa, woyembekezera, nsalu ili m'manja.

"Ndati ndidzakudziweni. Ine ndine mkazi wa a pa 6. Ndimagwira ntchito kutali, koma tsopano andipatsa tchuthi chodikirira mwana." Anaseka. "Abambo akunyumba akuti makatani aja munasoka ndinu. Achemwali, dzanja lanu ndi lodala! Munadziwa bwanji kuti ndimakonda chikasu?"

Telala anayang'ana mimba ya mayiyo. M'makutu munangoti ngwee. Mkazi? Mwana? Ndiye masiku atatu aja ankakongoletsa chipinda cha ndani?

"Lowani," anamva pakamwa pake pakutero.

"Madiresi onse andithina. Mungandisokereko limodzi lomasuka?"

Foni inanjenjemera patebulo. "Chonde Kasingano, usanene kanthu. Adokotala anati asamakhumudwe. Ndikufotokozera zonse."

Kufotokoza chiyani? Mkwiyo unamukwera. Kunali kungotembenuza foniyo basi, mayiyo awerenge yekha, bodza lonse lithere pomwepo. Anaitola. Kenako anayang'ana mayiyo kumaso.

"Muli bwinobwino, achemwali? Maso afiira."

"Ndi ulusi. Umandiyabwa m'maso."

"Muzipumako. Mukudziwa, ndimaopa kubwera kuno. Sindidziwa aliyense, ndipo abambowa amachoka m'mamawa. Koma nditaona makatani aja ndinati, apa ndapeza m'bale wanga. Tsiku langa likadzafika iwo kulibe, ndidzagogoda pano."

Telala anaika foni chafufumimba, n'kuchotsa tepi m'khosi. Anayeza mapewa, nalemba. Anayeza chifuwa, nalemba. Kenako anagwada, nazunguliza tepi pamimba paja, akuluma mlomo kuti kulira kusatuluke.

Pansi pa zala zake, china chake chinagunda. Kamodzi, kenako kawiri.

"Ee, mwamumva?" mayiyo anafuula mokondwa, akukanikiza dzanja la telala pamimbapo. "Samatero kwa aliyense uyu. Wakukondani, azakhali ake!"

Misozi inagwera pa tepi, manambala onse n'kusiya kuoneka.

"Imani chilili, mayi," ananong'ona. "Ndiyezenso."