Chidindo cha pa Dzanja la Kenan

Mlonda wa pa geti la paki ya masewera anagwira dzanja la Kenan n'kulitembenuza uku ndi uku. Linali loyera bwino, lonunkhira sopo. Anayang'ananso dzanja la azakhali Vainess, n'kupukusa mutu.

"Wopanda chidindo salowanso," anatero m'Chingerezi. Kenaka analoza Melissa. "Iwe lowa, chako chikuoneka."

"Akuti chiyani bamboyu?" azakhali anafunsa.

Melissa anayang'ana pansi. Iye yekha ndiye ankadziwa pamene zinalakwikira.

Banja lawo linachoka kwawo ku Lawrence, mu Indianapolis, m'mawa wa Loweruka limenelo, mwezi wa Julaye. Bambo a Melissa ndi Kenan, a Lyson, omwe anali namwino, anaweruka shifiti ya usiku n'kudiraiva mpaka ku paki ya masewera kummwera. Chimwalirireni mayi a anawo, aka kanali koyamba kupita kokasangalala. Azakhali Vainess, mlongo wa a Lyson, anali atangobwera kumene kuchokera ku Zomba kudzathandiza kulera ana, ndipo Chingerezi chothamanga cha kuno chinkawadutsa.

A Lyson sanabukitse chipinda mu hotelo yaikulu ya m'kati mwa paki. Anasankha kamotelo ka kunja, m'mbali mwa msewu waukulu, kokhala ndi kafiriji kosungira chakudya ndiponso minibasi yonyamula alendo. Melissa, wazaka khumi ndi zinayi, zimenezi zinamuwawa. Mnzake wa m'kalasi, Tiffany, ankagona mu hotelo ya m'kati, komwe munthu amangotsika masitepe n'kufika pa masewera.

Masana, pamene ankatuluka kuti akadye ku motelo, Tiffany anawaperekeza mpaka pa geti. A Lyson anatsogola kukaimitsa minibasi. Mlonda anadinda aliyense inki yobiriwira pa dzanja n'kuchenjeza kuti asaifufute, chifukwa ndiyo inali chilolezo chobwererera.

"Kodi ichi akutipakachi n'chiyani?" azakhali anafunsa mokweza.

Melissa anaona Tiffany akutchera khutu, akumwetulira. Sanafune kuti mnzakeyo amumve akulankhula Chichewa. "Si kanthu," anayankha m'Chingerezi, n'kufulumira kutsogolo.

Ku motelo azakhali anapakula mpunga ndi nkhuku zomwe anabwera nazo. Asanadye anatengera Kenan ku bafa. "Mwana wa munthu sadya ndi manja a utoto," anatero, uku akumupukuta mpaka khungu kuwala. Anatero ndi dzanja lawonso. Melissa anali pa TV, sanaone kanthu. A Lyson atadya anagona nsapato zili kuphazi, ndipo enawo anakwera minibasi okha.

Tsopano anali pa geti, anthu a kumbuyo akung'ung'udza. Kutsidya kwa mpanda Tiffany ankakupiza dzanja. Iye ndi Melissa anali atagwirizana kukwera limodzi sitima yaikulu yopindikapindika, imene Melissa ankailota chiyambireni tchuthi.

Kenan, wazaka zisanu ndi chimodzi, sanalire mokweza. Ankangosisita dzanja lake ngati inki ibweranso. M'mawa mzere wa bwato lotsetsereka m'madzi unali wautali, ndipo bambo ake anamulonjeza kuti akwera madzulo.

"Ndiye kuti bwato basi?" anafunsa.

"Melissa, ndikufunsa iwe," azakhali anatero. "Ndalakwa chiyani ine? Anthuwa akundiyang'ana ngati ndaba nkhuku."

Melissa anatembenukira kwa azakhali. Chichewa chake chinali chopunthwapunthwa, koma anachitulutsa. "Simunalakwe, azakhali. Utoto uja unali tikiti yobwererera. Bambo uja ananena kuti tisasambe. Ine ndinamva, koma sindinakuuzeni."

"Aa! Dziko lotani loletsa kusamba?" Azakhali anagwira pakamwa. Kenaka anamuyang'anitsitsa. "Nanga pakamwa pako panali potseka?"

Melissa anatembenukira kwa mlonda n'kumufunsa mwaulemu ngati panali njira ina. Mlondayo anati akabweretsa matikiti a m'mawa, awalola. Matikitiwo anali m'thumba la malaya a a Lyson, ku motelo, ndipo foni yawo ankaithimitsa akamagona. Minibasi inkapita kamodzi pa ola.

"Melissa, bwera! Mzere ukukula!" Tiffany anakuwa.

Melissa anafika pa mpanda. "Kwera wekha. Ndiyenera kubwerera ku motelo."

"Ku motelo kwanu kuja? N'kutali! Azakhali ako sangapite okha?"

"Sangadziwe potsikira. Ndipo vutoli ndalichita ndine."

Anakhazika azakhali ndi Kenan pa benchi ya pamthunzi. "Musachoke pano. Ndikubwera ndi matikiti," anatero m'Chichewa, osasamala kuti akumva ndani.

Minibasi inachedwa, ndipo itabwera inaima pa mamotelo ena onse isanafike pa yawo. Melissa anagogoda chitseko mpaka a Lyson anatsegula, maso ali psuu ndi tulo. Anawafotokozera zonse osabisa kanthu. Bambowo anamvetsera osadula mawu, kenaka anapisa m'thumba.

"Unamva?"

"Inde, adadi."

"Sunanene?"

"Ayi."

Anamuikira matikiti m'manja n'kumupinda zala. "Kakonze." Anatenga makiyi a galimoto, koma Melissa anawaletsa.

"Gonani, adadi. Maso anuwo si oyendetsera galimoto. Minibasi ikubweranso."

A Lyson anamuyang'ana kanthawi, n'kubwezera makiyi pa tebulo.

Pamene Melissa ankafika pa geti, dzuwa linali litapendeka. Anapeza azakhali akupepesa Kenan ndi chimanga chokazinga, chimene anagula mwa kuloza ndi chala. Mlonda anaona matikiti n'kuwatsegulira. Tiffany anali atabwerera kale ku hotelo yake kukasambira.

Nthawi yotsala minibasi yomaliza isananyamuke inali yokwana mzere umodzi wokha. Kudzanja lamanja sitima yaikulu inkabangula, anthu akukuwa m'mwamba. Melissa anaiyang'ana kamodzi, n'kugwira dzanja la Kenan kulowera kumanzere, kumene kunali bwato.

Atafika kutsogolo, mnyamata wokweza anthu anayamba kulankhula mothamanga ngati wailesi. Azakhali anatembenukira kwa Melissa, koma asanafunse, iye anali atayamba kale, mokweza kuti mawu apose phokoso la madzi.

"Akuti mukhale pansi mpaka bwato liime. Manja asatuluke kunja. Chikwamacho muchiike pakati pa miyendo."

"Basi? Wamaliza zonse?"

"Chatsala chimodzi. Akuti wokhala kutsogolo amanyowa kwambiri."

"Ndiye ndikhale kumbuyo ine," azakhali anatero, akumanga chitenje mwamphamvu. "Kutsogoloko kukhale womasulira."

Kenan anaseka mpaka kutsamwa. Melissa anakwera kutsogolo, ndipo bwato litatsetsereka, madzi onse anathera pa iye.