Mthunzi wa Kamphukira

Panali mtsikana wina wamng'ono. Anthu ankamutcha Kanyerere, chifukwa sankatha kukhala malo amodzi.

Kanyerere ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti bambo ake abwerere pamtengo.

Mtengowo unali m'mbali mwa msewu wawo. Unali waukulu. Mthunzi wake unali wozizira bwino. Amalume Ometa ankameta anthu pomwepo. Mayi Telala ankasoka zovala pomwepo. A Kalipentala ankapala matabwa pomwepo. Bambo a Kanyerere ankasoka nsapato pomwepo.

Bambo ake ankasoka akuimba. Iwo akayambitsa nyimbo, ena onse ankavomera. Ana ankamvetsera. Ankaphunzira nyimbozo osadziwa kuti akuphunzira.

Koma nyengo inasintha. Mvula inkachedwa. Dzuwa linkawotcha koopsa. Kenaka kunabwera chimphepo chamkuntho. Chinasasula madenga. Chinathyola mtengo uja. Khu! Mtengo unagwa. Unaphwanya benchi la bambo ake.

Panatsala chitsa chokha.

Aliyense analowetsa ntchito yake m'nyumba. Bambo ake nawonso analowa. Ankasokera kuseri kwa chitseko. Sankaimbanso. Msewu wonse unangoti zii.

"Ababa, tiyeni pamtengo," anatero Kanyerere.

"Palibe mtengo, mwanangu. Pali chitsa."

"Ndiye ingoimbani muno."

"Andivomere ndani? Khomali?" anatero bambo ake. Anaweramanso pa nsapato.

Tsiku lina m'mawa, Kanyerere anadutsa pachitsa paja. Anaima. Anayang'anitsitsa. M'mbali mwa chitsa munali timphukira tiwiri. Tinali tating'ono. Tinali tobiriwira.

Kanyerere anathamangira kunyumba.

"Ababa, mtengo wadzuka!"

"Dzuwa ili silisiya kanthu, mwanangu," anatero bambo ake. "Usaikepo mtima."

Masana dzuwa linawotcha kwambiri. Kanyerere atabwerera pachitsa, anapeza kamphukira kamodzi katafota. Kanali katapsa. Kanatsala kamodzi kokha.

Kanyerere anagwada. Anatsinzina.

"Mulungu, aka ndi kakang'ono," ananong'ona. "Musakaiwale."

Atatero anaimirira. Anafuna kukaphimba ndi chithunzithunzi chake. Koma masana chithunzithunzi chimafupika. Chinali pamapazi pake pokha. Choncho Kanyerere anawerama. Anaweramira kamphukira kaja ngati nkhuku yofungatira anapiye.

Dzuwa linamuwotcha msana. Iye sanasunthe.

Amalume Ometa anamuona ali pakhomo pawo.

"Iwe Kanyerere, wataya chiyani pamenepo?"

"Sindinataye kanthu, Amalume. Ndikupatsa mtengo mthunzi."

"Aa! Zinayamba liti zimenezo? Mtengo ndiwo umapatsa anthu mthunzi."

"Unatipatsa kale," anatero Kanyerere. "Pano wachepa. Tiubwezere."

Amalume Ometa anabwera pafupi. Anaona kamphukira kaja.

"Nanga mawa ukapita kusukulu?"

Kanyerere anawayang'ana. Anangowayang'ana.

"Chabwino, chabwino," anatero Amalume Ometa. "Maso akowo amaposa pakamwa."

M'mawa mwake Kanyerere anapita kusukulu. Amalume Ometa anatenga nsalu yofunditsa anthu pometa. Anaitambasula pamwamba pa kamphukira. Anaima pomwepo. Iwo anali ndi dazi. Dazi lawo linkanyezimira padzuwa.

Mayi Telala anasuzumira pawindo. Anaseka chikhakhali.

"Achimwene, mutuwo upsa! Tikazingirapo mazira?"

"M'malo mondiseka, dzagwireni mbali inayi," anatero Amalume Ometa.

Mayi Telala anatuluka. Anawaveka chipewa chawo. Kenaka anagwira mbali ina ya nsalu.

A Kalipentala anadutsa atasenza thabwa. Anali munthu wonenepa.

"Inu ingoimani apa," anatero Mayi Telala. "Mimba yanu yokha ikwanira kuphimba chitsa chonse."

"Mimbayi ili ndi ntchito zina," anatero a Kalipentala akuseka. "Koma dikirani."

Anapita kuseri kwa nyumba yawo. Kumeneko anasungako nthambi za mtengo wakugwa uja. Anasankha zowongoka. Anazizika kuzungulira chitsa.

Mayi Telala anatola zigamba m'dengu lawo. Zina zofiira. Zina zachikasu. Zina zamaluwamaluwa. Anazilumikiza n'kupanga chinsalu chachikulu. Anachimangirira ndi zingwe pa nthambi zija.

Kanyerere ataweruka, anapeza chinsalu chili pamwamba. Anapeza kamphukira kali pamthunzi. Anaomba m'manja.

"Zikomo, Amalume! Zikomo, Mayi! Zikomo, a Kalipentala!"

Madzi anali osowa. Koma amayi a Kanyerere ankasunga madzi otsukira ndiwo zamasamba. Ankawathira m'kachitini. Ankasiya kachitiniko pakhomo. Kanyerere ankanyamula kachitiniko. Ankathirira pang'onopang'ono.

Kamphukira kanatulutsa tsamba lina. Kenaka linanso.

Amalume Ometa anabweretsa mpando wawo pansi pa chinsalu. Mayi Telala anabweretsa makina awo. A Kalipentala ankabwera kudzapumira pomwepo. Ankacheza. Ankasekana. Koma panalibe woyambitsa nyimbo.

Madzulo aliwonse Kanyerere ankauza bambo ake.

"Ababa, lero katulutsa tsamba lina."

"Eya."

"Ababa, lero kafika m'bondo mwanga."

"Eya."

Tsiku lina Kanyerere anatopa. Anaiwala kunena. Bambo ake anatsokomola pang'ono.

"Kaja kaswera bwanji lero?" anafunsa.

Amayi ake anamwetulira.

Tsiku lina masana kunayamba mphepo. Inabwera ndi fumbi. Chinsalu chinayamba kukupiza. Phaa! Phaa! Ngodya imodzi inang'ambika. Kwee! Inanso inang'ambika.

"Gwirani!" anafuula a Kalipentala. "Chikagwa chithyola kamtengoka!"

Amalume Ometa anagwira uku. A Kalipentala anagwira uko. Mayi Telala anayesa kusoka. Ulusi unaduka. Anayesanso. Unadukanso.

"Ulusi wangawu ndi wa madiresi," anatero. "Apa pakufunika ulusi wa nsapato. Pakufunikanso zikopa m'ngodyamu."

Onse anayang'ana Kanyerere.

Kanyerere anathamanga. Anapeza bambo ake atatseka windo. Anali atangokhala. Ankamvetsera mphepo ija.

"Ababa, chinsalu chikung'ambika."

"Mphepo imeneyi ndimaidziwa, mwanangu. Inanditengera mtengo. Inanditengera benchi."

"Koma kamphukira sinakatenge. Kadakalipo."

Bambo ake anayang'ana kuwindo lotseka lija.

"Ababa, manja a anzanu atopa," anatero Kanyerere chapansipansi. "Ulusi wolimba muli nawo ndinu nokha."

Bambo ake anapumira m'mwamba. Anatenga singano yaikulu. Anatenga ulusi wakuda. Anatola zidutswa za chikopa. Kenaka anagwira dzanja la Kanyerere.

"Tiye," anatero.

Atafika pachitsa, anaima. Anaona kamphukira kaja koyamba. Kankagwedezeka uku ndi uku. Koma sikanathyoke.

"Takulandirani, alendo," anatero Amalume Ometa. "Mwachokera dziko liti?"

"Gwirani nsalu, a Dazi. Moni tipatsana bwino," anatero bambo ake.

Anaika chikopa pangodya. Anabaya. Anakoka. Anabaya. Anakoka. Kanyerere ankawapatsira zikopa. Ngodya yoyamba inalimba. Yachiwiri inalimba. Zonse zinalimba.

Tsopano panafunika kukoka zingwe. Koma aliyense ankakoka nthawi yake. Chinsalu chinkapendekera mbali imodzi.

"Ayi, sitikoka choncho," anatero bambo ake. "Mvetserani."

Anakonza kukhosi. Mawu anatuluka osasa pang'ono.

"Gwira uko, mnzanga, ine ndigwire kuno!"

Onse anavomera: "Tagwira, tagwira!"

"Koka uko, mnzanga, ine ndikoke kuno!"

"Takoka, takoka!"

Anakokera pamodzi. Chinsalu chinaima nji! Koma nyimbo sinathe. Bambo ake anaibwerezanso. Zitseko zinatseguka. Ana anatuluka. Amene ankaidziwa anavomera. Amene sankaidziwa anaphunzira pomwepo.

Mphepo inawomba, inawomba, kenaka inatopa. Fumbi linakhazikika. Kanyerere anagwada pa kamphukira. Anapukuta fumbi pa tsamba lililonse.

"Zikomo, Mulungu," ananong'ona.

Amayi ake anabwera ndi madzi akumwa. Kapu inazungulira. Aliyense anamwa pang'ono, n'kupatsira mnzake.

"Benchi lanu ndikukhomerani lina," anatero a Kalipentala. "Thabwa la mtengo uja lidakalipo."

Bambo ake anagwedeza mutu kuthokoza. Anakhala m'mphepete mwa chitsa. Anayang'ana mapazi a Kanyerere.

"Mwana wa wosoka nsapato, nsapato yako yatani?"

Kanyerere anayang'ana pansi. Lamba wa nsapato yake anali ataduka pothamanga paja.

"Vula, ubweretse kuno."

Kanyerere anavula. Anakhala pambali pa bambo ake. Amayi ake anakhala mbali inayo. Bambo ake anabaya. Anakoka. Ankaimba nyimbo ija chapansipansi.

"Ababa, mawa mubweranso?"

Bambo ake anadula ulusi ndi mano. Anamuveka nsapato ija.

"Mawa ukaweruka," anatero, "usakandifune kunyumba."