Mphete ya m'Lalanje

Minibasi ya ku Kanakantapa sinyamuka isanadzaze, ndipo tsiku limenelo munali nkhuku zambiri kuposa anthu. Febby anaika beseni lake pampando wakumbuyo n'kutsika kuti awongole miyendo. Repu anali atagulitsa yense. Kunyumba kunalibe womuyembekezera kupatula azakhali ake, omwe amagona nthawi imodzi ndi nkhuku. Akathamangiranji?

Kuseri kwa siteshoni ya Chongwe anthu anali atapanga bwalo. Pakati panali mnyamata wa jekete lofiira, dzuwa lonselo, chipewa chakuda chili pamutu. Anyamata oitanira mabasi ankamutchula kuti Ba Jabez wa matsenga. Ankameza lezala n'kulavula singano, ankathira madzi m'nyuzipepala koma osanyowa. Amayi ena anafungatira zikwama zawo pachifuwa, akunong'onezana kuti izi n'za satana, koma kuchoka ayi.

Kenako Jabez anapempha mphete. Mayi wina wobereka mwana anakankhidwira kutsogolo akukana uku akuseka. Jabez anamufunsa ngati anakumanapo, mayiyo analumbira kuti sanamuonepo chibadwire. Anavula mphete yake ya kamwala kofiira, Jabez anaikulunga m'kansalu, anauzira, ndipo kansalu kanatsala kokha. Mayi uja anayamba kulira kuti mwamuna wake akamupha. Jabez anatulutsa lalanje m'chikwama, analidula onse akuona, ndipo mphete inali mkati ikudontha madzi. Mayiyo anaitsomphola n'kupita osacheuka.

Febby anaiwala kutseka pakamwa. Chipewa chosonkhetsera ndalama chitayamba kuzungulira, mwini wake anaima pamaso pake, anatambasula dzanja n'kutulutsa siwiti kuseri kwa khutu lake.

"Mlongo, ngati ku khutu mubisa zotsekemera, nanga ku mtima muli na chiyani?"

Anthu anaseka. Febby anathawira m'minibasi nkhope ikutentha. Koma minibasi ija, mwaiona, inali isanadzazebe, ndipo jekete lofiira linamupeza pawindo. Mwana wa anthu anapereka nambala ya foni ngati akupereka chenji.

Asanafike n'komwe pamsewu wafumbi, foni inalira.

"Wafika bwino, lalanje langa? Lelo anthu onse anali kuomba m'manja, koma ine ninali kuona iwe chabe."

Uthenga umenewo anauwerenga mpaka batire linatha. Kuyambira pamene amayi ake anamwalira, panalibe amene anamufunsapo ngati wafika bwino. Azakhali ankangofunsa ngati repu watha.

Jabez ankadziwa kulankhula, ameneyo musamutsutse. Koma chimene chinamugwetsa Febby si mawu okoma ayi. Tsiku lina atakhala pansi pa mtengo chakufupi ndi Chalimbana, mnyamatayo anavula chipewa n'kumuuza kuti anthu amamuombera m'manja koma palibe amafuna kumupatsa moni wa padzanja. Akalowa m'malo odyera, amene ali pafupi amasuntha mbale zawo. Ana akamuyandikira, amayi awo amawakoka. Febby anamumvera chisoni. Kusungulumwa ankakudziwa bwino, ndipo apa anaona ngati wapeza mnzake wa matenda amodzi.

Tsiku lomwelo Jabez anamugwira dzanja n'kumuveka mphete ya kamwala kofiira.

"Milisi ikachoka m'minda nizatumiza mbale kwa amalume ako. Ndiwe mkazi wanga, shuga wanga. Kulibe wina."

Milisi ndi chimanga, ndipo mbale zimene ankanenazo ndi zija zovundikira zimene mwamuna amatumiza kwa makolo a mkazi akafuna ukwati. Febby anabwerera kunyumba mapazi osagunda pansi. Anaona kuti mpheteyo ikufanana ndi ya mayi wa pa siteshoni uja, koma anangoti mphete za ku Lusaka zimafanana zonse. Mtima ukakonda, maso amapita kutchuthi.

Sabata yotsatira Jabez anapempha thandizo. Anamuululira chinsinsi cha ntchito: mphete zimakhala ziwiri zofanana. Imodzi amailowetsa m'lalanje m'mawa, pakabowo kakang'ono ka pamwamba, inayo imakhala pachala cha munthu wake amene waima pagulu ngati mlendo. Mayi wa tsiku lija, anatero Jabez, anali waganyu chabe, ndipo anasamukira kutali. Tsono akhulupirire ndani kuposa mkazi wake wam'tsogolo?

Poyamba Febby anakhumudwa kuti matsenga onse aja anali kabowo ka m'lalanje. Kenako ananyada. Chongwe yense sakudziwa, iye yekha ndiye akudziwa!

Ntchitoyo inali ndi malamulo ake. Osakwera minibasi imodzi. Osapatsana moni pamsewu. Osayang'anana m'maso. Masewero akatha, Febby azichoka msanga osacheuka. Kunyumba kwa Jabez asapondeko, chifukwa anthu oyandikana nawo akawaona limodzi ntchito yafa. Ndipo akafunsidwa pagulu ngati anakumanapo, yankho ndi limodzi basi.

Anayamba kuzungulira. Pa Chalimbana mwezi ukatha, pamsika wa Bundabunda masiku ogulitsa chimanga, ndipo Lachisanu madzulo m'mabala a Chongwe, pamene ogwira ntchito ku Lusaka amatsika mabasi mataye atamasula. Febby anaphunzira kukana uku akuseka, kulumbira, kulira kuti mwamuna wake akamupha. Jabez ankati amachita bwino kuposa wakale uja. Mphete imene ankabwerera nayo inkakhala ya m'lalanje, yomata, yonunkhira. Akagona ankaika dzanja pamphuno.

Koma chikondi chanji chimenechi, chomuona wokondedwa wako tsiku lonse osamupatsa moni? M'bala ankakhala yekha pakona, botolo la chakumwa chozizira likutenthera m'manja, nyimbo zikugunda mpaka m'mano. Atsikana ena ankakhala ndi amuna awo, akugawana nyama yootcha papepala limodzi. Iye mwamuna wake anali pomwepo, pakati pa bala, akumeza lezala. Tsiku lina chidakwa china chinamugwira pamkono n'kumamukoka kuti akavine. Febby anayang'ana kwa Jabez. Jabez anaona, n'kutembenukira kwina kukathira madzi m'nyuzipepala. Amene anamulanditsa anali mayi wogulitsa mowa.

Uthenga unabwera ali m'njira.

"Pepa, mtima wanga. Ninamva kuwawa maningi koma ukudziwa ntchito. Tikakwatirana zonse izi zizasila."

Anamukhululukira asanamalize kuwerenga. Kwaya ya kutchalitchi anasiya, chifukwa wina anamuona akutuluka m'bala ndipo nkhani inafika kwa amayi abusa isanazizire. Akanawauza chiyani? Kuti ali pa chibwenzi ndi wa matsenga? Anzake a pamsika anasiya kumusungira malo. Febby anatsala ndi foni yake, ndi chala chimene chinayamba kubiriwira pansi pa mphete.

Chimanga chinachoka m'minda, chinagulitsidwa, mapesi anatenthedwa. Mbale sizinabwere. Atafunsa, Jabez anati adikire mvula yoyamba. Mvula inagwa, anati adikire Khirisimasi. Febby ankangoti chabwino, koma akamva njinga ikuima pakhomo mtima unkadumpha, ndiye n'kupeza kuti ndi wogula nkhuku.

Loweruka lina anakwera minibasi ya ku Chalimbana, Jabez atatsogola kale monga mwa lamulo. Pambali pake panakhala mayi wapakati, mimba yaikulu, kamtsikana kakang'ono kali pamiyendo. Febby anamusunthira beseni, ndipo mayiyo poti athokoze anayang'ana dzanja lake n'kumwetulira.

"Muzipaka polishi ya zikhadabo mkati mwake, mlongo wanga. Mukapanda kutero imasiya zobiriwira."

Anatambasula dzanja lake. Kamwala kofiira komweko. Febby anakweza maso n'kuizindikira nkhope ija, mayi wolira wa pa siteshoni. Uyu ndiye anasamukira kutali?

Mayiyo anati dzina lake ndi Nelesi, ndipo akupita kukaona mkulu wake. Analankhula motsitsa mawu, mwaubwenzi, ngati anthu a ntchito imodzi. Anati iye anasiya ntchito ya mpheteyo chifukwa anthu anayamba kuizolowera nkhope yake, komanso ndi mimba imeneyi sangaime padzuwa. Anamufunsa ngati zidakwa za m'bala zikumuvutitsa, n'kumulangiza kuti azikhala pafupi ndi wogulitsa mowa. Anati ukwati wa munthu wa matsenga si wophweka, koma wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

"Zikomo pothandiza atate a Kelly," anatero akusisita mutu wa mwana uja. "Amakuyamikirani maningi ku nyumba. Akuti mtsikana wa ganyu uyu amalira monga zoona."

Febby anayankha kuti zikomo. Inde, anathokoza! M'makutu munkalira ngati chigayo. Mayiyu sankadziwa kanthu, ndipo zimenezo ndiye zinapweteka koposa, chifukwa panalibe womukwiyira m'minibasi monsemo. Kamwana kaja kanagona katatsamira mkono wa Febby mpaka anafika.

Akanatha kubwerera ndi minibasi yomweyo. Koma mtima ndi wouma mutu. Unkamuuza kuti mwina pali chifukwa, mwina ukwati umenewo unatha kale, mwina akamufunsa maso ndi maso adzasankha iye. Anapita.

Bwalo linali litadzaza ana a sukulu ya aphunzitsi ndi amayi ogulitsa tomato. Kumbuyo kwenikweni, pamthunzi wa golosale, Nelesi anaima kuti mwana aonereko pang'ono. Jabez sanamuone. Anameza lezala, analavula singano, kenako anapempha mphete. Febby analowa m'bwalo popanda womukankha.

"Amayi, tinakumanapo ine na imwe?"

Febby anamuyang'ana m'maso, koyamba pagulu.

"Inde, Jabez. Uza anthu awa kuti ine ndine ndani kwa iwe."

Maso onse anatembenukira kwa Jabez. Febby anadikira. Sankafuna zambiri, ankafuna mawu amodzi okha mwa aja anadzaza foni yake, anenedwe padzuwa anthu akumva. Anaona thukuta likutsika pansi pa chipewa. Kenako Jabez anaseka kuseka kwake kwa pantchito n'kutembenukira kwa anthu manja ali m'mwamba.

"Dzuwa la lelo ni loipa, abale. Amayi awa sininawaonepo chibadwire. Kuli wina ali na mphete?"

Anthu anaseka, ena anaganiza kuti ndi mbali ya masewero. Misozi imene Febby ankaifinya movutikira masiku onse aja inabwera yokha. Anavula mphete, ndipo inavuta kutuluka chifukwa chala chinali chitatupa. Anaiponya m'chipewa chosonkhetsera ndalama chimene chinali pansi n'kutuluka m'bwalo. Lamulo limodzi lokha ndi limene analisunga: sanacheuke.

Podutsa pagolosale anakumana maso ndi Nelesi. Kumwetulira kuja kunali kutachoka. Mayiyo anayang'ana chala cha Febby, anayang'ana chake, n'kukokera mwana wake pafupi. Febby anapitirira.

Minibasi ya ku Kanakantapa inachedwa kudzaza monga mwa masiku onse. Febby anakhala pampando wakumbuyo, beseni pamiyendo, akuyang'ana pawindo pomwe paja panaima jekete lofiira. Foni inalira. Anadziuza kuti sawerenga, koma anawerenga.

"Lalanje langa, wanichita chiyani lelo? Tizakambirana, nikukonda. Manje pa Chisanu ku bala nizagwira na ndani?"

Anazima foni.

Kunyumba anapeza azakhali akutsekera nkhuku. Anamufunsa ngati repu watha, iye anati watha. Anatenga sopo ndi mwala wotsukira mapazi n'kukhala kuseri kwa nyumba, akukhula chala mpaka khungu linafiira. Fungo la lalanje linachoka msanga. Mzere wobiriwira uja unakana.