Tsamba Lomwe Anamusungira

Mvula inayamba ana asukulu atangoweruka. Pa siteji ya basi panali kadenga kamodzi ka malata, nakonso kodontha pakati.

Mnyamata wina wa Fomu 4 anaima pakona atakumbatira chikwama pachifuwa kuti mabuku asanyowe. Anzake ankamutchula kuti Injiniya, chifukwa masamu ankangowamwa ngati madzi, ndipo loko kapena mpando ukawonongeka m'kalasi, wokonza anali iye.

Pambali pake panaima mtsikana wa Fomu 4 yomweyo, koma kalasi ina. Ndani sankamudziwa? Anali Kadona, mwini tsamba la mchezo lomwe anthu zikwizikwi ankalitsatira. Iye chikwama anachisiya pansi, pamadzi. Chomwe anakumbatira chinali foni.

"Achimwene, tandijambulani mvulayi ikuoneka kumbuyo kwanga."

"Mabuku anu akunyowatu, achemwali."

"Auma amenewo. Jambulani msanga isanakate!"

Injiniya anagwira foni n'kujambula. Kadona atayang'ana chithunzicho anakuwa.

"Iii! Mwandidula mutu! Ndiye amati ndinu Injiniya?"

"Ine ndimakonza zowonongeka. Nkhope yokonzeka kale sindidziwa poyambira."

Kadona anaseka mpaka kugwira pamimba. Basi inabwera, inadzaza, inapita. Awiriwo anaizindikira itakhota kale pakona.

Sabata isanathe, mauthenga anali atayamba kuyenda.

"Wadzuka bwanji, duwa langa?"

"Ndadzuka nawe mumtima, Injiniya wanga. Wadya?"

"Ndikawerenga uthenga wako ndimakhuta."

"Bodza! Pita ukadye, ndikufuna mwamuna wamphamvu."

Kunyumba Injiniya ankakhala ndi bambo ake okha. Amayi ake anamwalira ali Fomu 2. Bambowo anali mmisiri wowotcherera zitsulo, ndipo maso awo anali ofiira nthawi zonse chifukwa cha moto wa ntchitoyo. Sankalankhula zambiri, koma tsiku lina anaika chitsulo pansi n'kumuyang'ana.

"Mwana wanga, mayeso awa ulemba kamodzi. Mphamvu zokubwezera kusukulu ndilibe. Ukakhoza, upita ku koleji. Ukalephera, malo ako ndi muno m'shedi, pambali panga. Koma ine sindikufuna maso ako adzafanane ndi angawa."

"Ndikhoza, bambo. Musadandaule."

Ankanena zoona. Nthawi imeneyo ankanena zoona.

Itatsala miyezi itatu kuti alembe, zotsatira za mayeso oyeserera zinatuluka. Injiniya anali wachiwiri pa sukulu yonse. Kadona analephera maphunziro atatu. Amayi ake, omwe anali namwino wosasekerera zopusa, anamulanda foni n'kuikhomera m'kabati.

Injiniya anamupeza kuseri kwa laibulale akulira.

"Tsamba langa lifa! Ukangokhala sabata imodzi osaikapo kanthu, anthu amakuiwala ngati sunabadwe. Zaka ziwiri ndikulilera! Ndiwerenga bwanji mtima uli kumeneko?"

Misozi ya munthu amene umamukonda imalemera bwanji! Injiniya sanaganize kawiri.

"Ndikusungira ine. Iwe werenga."

"Ukunena zoona?"

"Ndipatse mawu achinsinsi. Ukadzamaliza mayeso udzalipeza lamoyo, lonenepa."

Kadona anamulembera mawuwo pachikhatho ndi bolopeni, kenako anapsompsona pomwe analembapo.

"Iwe ndiwe wanga mpaka kale. Ndikulonjeza, ku koleji tikalowa limodzi titagwirana manja. Iwe kapena palibe!"

Loweruka lotsatira anagwira ntchito tsiku lonse. Kadona anabwereka mabulauzi, majuzi ndi mipango kwa anzake, chikwama chodzaza. Ankasintha chovala, kusintha tsitsi, kusintha malo: pakhonde, pamasitepe, pakhoma la njerwa, pansi pa mtengo. Injiniya ankajambula. Pofika madzulo anali ndi zithunzi zokwanira miyezi itatu, chimodzi patsiku, kuti anthu aziganiza kuti n'zatsopano.

Kumapeto kwa kope lake la fizikisi kunali ndondomeko ya kawerengedwe yomwe anailemba ndi rula. Anatembenuza tsamba n'kujambula ina. Lolemba, bulauzi wofiira. Lachiwiri, pamasitepe. Lachitatu, juzi yamizeremizere.

"Malamulo ndi awiri," anatero Kadona. "Aliyense wolemba ndemanga umuyankhe ola lisanathe. Anthu akayankhidwa msanga amabweranso."

"Lachiwiri?"

"Pali wina amalemba kumbali, wa ku yunivesite. Ndi msuweni wanga. Ameneyo uzimuyankha mokoma, ngati ndine. Akakhumudwa akhoza kukauza amayi kuti tsamba likadali moyo, ndiye ndafa."

Tsiku loyamba lomwelo uthenga wa msuweniyo unalowa: "Mkazi wanga, wasowatu."

Injiniya anathamanga kukamufunsa pa nthawi yopuma.

"Bwanji akukutchula kuti mkazi wake?"

"Iwe ulibe asuweni kodi? Amasereula choncho. Nsanje yakoyi idzakupha, wokondedwa!"

Anamutsina tsaya. Injiniya anachita manyazi ndi nsanje yake, n'kupepesa.

Ntchito imene ankaiona ngati ya mphindi khumi inayamba kumudya ngati chiswe. Chithunzi chimodzi chinkabala ndemanga mazana. Ankayankha akutsuka mano, ankayankha mu basi, ankayankha foni ili pansi pa desiki mphunzitsi akulemba pa bolodi. Anaphunzira kuseka ngati Kadona, kunyada ngati Kadona. Anthu otsatira tsambalo anachuluka kuposa kale, ndipo iye ankanyadira ngati wakhoza mayeso.

Msuweni uja ndiye ankalemba zitalizitali. Poyamba zinali nthabwala. Kenako anayamba kunena za amayi ake omwe ankadwala, za mabenchi ozizira a kuchipatala, za fungo la mankhwala lomwe silichoka m'malaya. Injiniya zonsezo ankazidziwa. Anakhalapo pa mabenchi amenewo. Ankamuyankha kuchokera pansi pa mtima, n'kusainira dzina la wina.

Tsiku lina aphunzitsi a masamu anamuitanira panja atanyamula pepala lake.

"Injiniya, ichi n'chiyani? Iwe wopeza 90, lero 41? Ukudwala?"

"Ayi, aphunzitsi."

"Kunyumba kuli bwino?"

"Kuli bwino."

"Ndiye n'chimene chili m'thumba lakocho. Ukuganiza kuti sindikuona khosi lako litapindika ngati la nkhuku yodwala? Ndaona ana anzeru ambiri akumira m'kagalasi kameneko. Tuluka madzi akadali m'mawondo."

"Ndisintha, aphunzitsi."

Ali mkati molankhula, foni inanjenjemera pantchafu pake. Mtima wake unathamangira kumeneko.

Nanga Kadona? Kadona anaphuka! Popanda foni, maso ake anayera, mutu unatseguka. Ankafika ku laibulale woyamba n'kutuluka womaliza. Tsiku lina anamubweretsera funso la fizikisi.

"Tandithandiza apa, Injiniya wanga."

Injiniya analiyang'ana nthawi yaitali. Manambala ankamuyang'ananso ngati alendo.

"Dikira... ndaiwala pang'ono."

"Aaa, basi ndalipeza! Taona, umangogawa apa." Anamukumbatira. "Wandipulumutsa, ukudziwa? Popanda iwe sindikanatha."

Injiniya anamwetulira. Anadziuza kuti sabata yomaliza adzawerenga zonse. Si iye Injiniya kodi? Koma sabata yomaliza ndi yomwe amayi a msuweni uja anamwalira, ndipo mauthenga ankabwera ngati mvula. Akanamusiya bwanji munthu pa maliro?

M'chipinda cha mayeso munali zii. Injiniya anatsegula pepala, n'kuwerenga funso loyamba katatu. Ankadziwa ola lomwe anthu amakonda zithunzi kwambiri. Ankadziwa mayina a anthu mazana omwe sanawaonepo. Koma njira yopezera liwiro la chinthu chakugwa inali itachoka m'mutu mwake osatsanzika. Anamva mapepala a anzake akutembenuzika. Lake linali likadali loyera.

Mayeso atatha, Kadona anabwezeredwa foni. Anaona tsamba lake n'kudumpha ngati mwana.

"Lakula kawiri! Ndiwe mngelo!"

Kuchokera pamenepo mauthenga ake anayamba kufupika. "Ndatanganidwa." "Tilankhulana." "Ndili kwa azakhali." Injiniya ankalemba mizere khumi, n'kulandira kachithunzi ka chala chachikulu.

Tsiku la zotsatira kunacha bwino, dzuwa lili phwee. Mndandanda wa okhoza unamatidwa pa bolodi la panja pa ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Ana ankakankhana, ena akukuwa, ena akulira. Injiniya anayendetsa chala kuchokera pamwamba. Dzina la Kadona linali lachisanu ndi chimodzi. Anatsika, anatsika, mpaka chala chinafika pa thabwa. Anayambiranso. Anayambiranso kachitatu.

Dzina lake panalibe.

Anatembenuka. Ndipo pachipata anaona Kadona akubwera, atavala bulauzi wofiira, dzanja lake lili m'dzanja la mnyamata wamtali wovala magalasi. Kadona atamuona anaima ngati waponda minga. Anayesa kubweza dzanja, koma mnyamatayo anali atayamba kale kumwetulira.

"Ndinu Injiniya eti? Amakunenani kwambiri. Akuti ndinu amene munkamuthandiza masamu. Zikomo, achimwene."

"Inu ndinu... msuweni wake?"

Mnyamatayo anaseka.

"Msuweni? Wakuuzani ndani? Ine ndi bwenzi lake. Amayi ake akundidziwa kale."

"Tiyeni tikaone mayina," anatero Kadona. "Tiyeni, chonde."

Koma munthu wachimwemwe sagwirika pakamwa.

"Kunena zoona, achimwene, poyamba ndinkangocheza naye. Ndinkati ndi kamtsikana ka zithunzi basi. Koma amayi anga atamwalira, uyu anandilembera mawu omwe sindidzawaiwala. Ndinawaloweza. Anati, 'Pa maliro sudzalira kwenikweni, anthu amachuluka. Udzalira tsiku lomwe batani limene amayi anakusokera lidzathothoke, n'kupeza kuti palibe womupatsira malayawo. Tsiku limenelo undiyitane, usalire wekha.' Nditawerenga ndinati, mkazi wodziwa zimenezi sindimusiya."

Dzanja la Injiniya linapita lokha pachifuwa pake, pomwe malaya ake a sukulu anali omangidwa ndi kapini. Mawu amenewo anawalemba atakhala pamasitepe a laibulale, kutatsala mphindi makumi awiri kuti alowe m'mayeso a fizikisi. Anzake onse anali ndi makope m'manja. Iye ankapukuta misozi pagalasi la foni.

Anayang'ana Kadona. Kadona ankayang'ana nsapato zake.

Liwu limodzi likanakwana. Limodzi lokha! Koma anaona maso a mnyamata uja, maso a mwana wamasiye mnzake, akuwala chifukwa cha mawu okhawo omwe anamugwira pa maliro. Akanamulanda bwanji?

"Ndi mawu abwino," anatero Injiniya. "Pepani ndi maliro."

"Nanga inu zayenda bwanji?"

"Dzina langa laiwalika kwa osindikiza."

Palibe anaseka.

Atafika ku shedi, bambo ake anazimitsa makina n'kukweza chophimba kumaso. Anamuyang'ana kamodzi kokha. Sanafunse. Anakhala pa ndowa yovundikira, n'kupukuta manja pa ovolosi nthawi yaitali, ngakhale manjawo anali ouma.

"Bambo, ndakulakwirani."

"Wadzilakwira wekha. Ine wangondipweteka." Anaimirira. "Mawa tili ndi geti la anthu. Ulawire."

Panapita masabata atatu. Tsiku lina masana, Injiniya akupala dzimbiri pa chitsulo, foni inalira m'thumba. Anavula golovesi n'kutsegula uthenga wa Kadona.

"Injiniya wanga, ndikudziwa kuti wandikwiyira. Sindinkafuna kuti zifike apa. Ndinkangofuna kuti mnyamata uja asandiiwale mpaka mayeso athe, kenako ndisankhe bwino. Ndikhululukire."

Asanapume, wina unalowa.

"Ndili pa mavuto. Iye uja akuti ndasintha, sindikumulembera ngati kale. Ndayesa, sizikutuluka. Lamlungu ndi tsiku lake lobadwa, loyamba popanda amayi ake. Ndilembere kamodzi kokha, komaliza. Palibe wina amene angathe. Chonde, mtima wanga."

Mtima wanga! Injiniya anakhala pansi, pa simenti yodzaza tizidutswa ta zitsulo. Chomvetsa chisoni n'chakuti mawuwo anali atayamba kale kubwera m'mutu mwake, okoma, olongosoka. Ankadziwa bwino lomwe zimene munthu amafuna kumva pa tsiku loterolo. Zala zake zinayabwa.

Analemba, anafufuta. Analembanso.

"Duwa langa, ndakukhululukira, chifukwa kudana nawe sindikutha, ndayesa. Koma mawu ndilibe. Ndinali nawo ochepa. Ena ndinapatsa anthu ako, okoma ndinapatsa msuweni wako, ndipo pepala la mayeso ndinalipereka loyera. Lamlungu upite ukakhale naye. Ngati chonena ulibe, ungokhala chete pambali pake. Chimenecho uchite wekha."

Anatumiza. Yankho linayamba kulembedwa, linasiya, linayambanso.

"Iwe!" anaitana bambo ake kuchokera mkati. "Chitsulochi chidzigwira chokha?"

Injiniya anaika foni pashelefu, pakati pa zitini za penti, n'kuvala golovesi.

"Yang'ana kumbali," anatero bambowo motsitsa mawu. "Moto uwu umayamba ndi maso."