Madzi Asanafike M'khosi

Aloysius ankalemba kafukufuku wake pa yunivesite ya ku Crawley, mumzinda wa Perth, pa nkhondo ya Afalansa ya pa mtsinje wa Berezina ya mu 1812, koma iye mwini anali asanawolokepo mtsinje atasenza katundu. Nyengo yozizira itafika, ananyengerera anzake awiri, Chileshe, namwino wochokera ku Zambia, ndi Lamson, dalaivala wa basi, kuti akayende wapansi m'nkhalango ya kum'mwera kwa Perth.

Mvula inawapeza ali mkati mwenimweni. Inagwa osapumira, netiweki inasowa, ndipo Lamson anaterereka pamwala n'kubinya bondo. Chakudya chinangotsala mabisiketi onyowa. Galimoto yawo inali kutsidya kwa kamtsinje kamene anangokadumpha popita, koma tsopano kanali katafiira, kakukokolola nthambi.

Lamson anapempha kuti akoleze moto pansi pa thanthwe, awoloke mawa. Chileshe ataona mmene mnzakeyo ankanjenjemerera, anatsala pang'ono kuvomera.

"Achimwene, madziwa akukwerabe," anatero Aloysius. "Ku Berezina milatho inalipo, koma ambiri anakhala akuwotha moto. Kutacha, milathoyo inatenthedwa iwo ali komweko. Amene anawoloka msanga ndi amene anakadzutsanso gulu lankhondo la Afalansa."

"Nanga amene anamanga milathoyo?" anafunsa Chileshe.

Aloysius anayang'ana madzi. Anayankha motsitsa mawu kuti iwowo anaima m'madzi oundana mpaka m'khosi, ndipo ochepa okha anabwerera kwawo. Kenako anadzimanga chingwe m'chiuno n'kulowa.

Madzi anamufika m'chifuwa, miyendo inachita dzanzi. Pakatikati chikwama chinayamba kumukokera pansi, iye anachivula, chinapita. Anakwawira kutsidya, anakulunga chingwe pamtengo, n'kubwereranso kudzatenga Lamson. Chileshe anamugwira Lamson mbali ina. Chipika chinabwera chikuzungulira, chinamugunda Chileshe m'nthiti, mutu wake unamira, koma dzanja silinasiye chingwe.

Anatuluka onse atatu. Mwamwayi makiyi anali m'thumba la Lamson.

Chileshe anayendetsa atapindika ndi ululu mpaka kuchipatala ku Murdoch. Kumeneko madokotala anamupeza ndi nthiti yothyoka, ndipo anamanga Aloysius mabandeji m'manja momwe chingwe chinamusupula. Lamson, atafunda mabulangete pabedi, anamukodola Aloysius kuti asendere pafupi.

"Anthu aja anakhala pamoto aja," anatero, "musamawanene. Mukanandilola kukoleza, sindikanadzukapo."