Timitanda Tiwiri M'kati mwa Kolala

Lolemba m'mawa, Make Mapasa atatsegula chitseko cha nyumba yosokeramo, anapeza mpando wake utakokedwa. Sichinali chinthu choti munthu n'kuitanira anthu, koma iye ankakumbukira bwino kuti Loweruka anaukankhira pansi pa tebulo, monga ankachitira tsiku lililonse asanakhome loko. Tsopano unali utatuluka, utapenya kukhomo, ngati wina anakhalapo n'kumadikira munthu.

M'nyumbamo munkagwira ntchito amayi khumi ndi awiri. Nkhondo inali italowa chaka chachitatu, nsalu zatsopano zitasowa, ndiye ntchito yawo inali yoika zigamba pa majekete a asilikali obwerera kuchokera kunkhondo, kuti akavale ena. Ankafika m'mitolo, atachapidwa kale, mayina atasomoledwa konko, koma madontho ena sopo ankawalephera. Madzulo aliwonse a Chete, mayi wachikulire amene ankagawa ntchito, ankaika mulu wa majekete pa tebulo la aliyense kuti m'mawa ayambirepo. Dzina la a Chete silinali lachibadwa. Chaka chatha anapeza jekete la mwana wawo wamwamuna pa mulu wawo womwe, ndipo kuyambira tsiku limenelo mawu awo ankachita kuwerengeka.

Analizindikira bwanji mayina atasomoledwa? Mkazi aliyense wa m'nyumbamo, mwamuna wake kapena mwana wake akamapita kunkhondo, ankasoka kachizindikiro m'kati mwa kolala. Wina kaduwa, wina mzere wa ulusi wofiira. Make Mapasa anasoka timitanda tiwiri ta ulusi wobiriwira, kamodzi ka mwana aliyense, ndipo poti anali wamanzere, tonse tinapendekera kumodzi.

Kiyi wa nyumbayo ankasunga ndi iyeyo, ndipo wosunga kiyi ankapatsidwa kachipinda kuseri. Kachipinda kameneko ndi komwe mwamuna wake anamusiya, ndi komwe makalata ake ankafikira, mpaka pamene analeka kubwera miyezi isanu yapitayo. Atachotsedwa pamenepo, kalata kapena mwini wakeyo akanamupeza kuti, anthu atabalalika chonchi?

Lachiwiri mpando unali utakokedwanso, ndipo mulu wa pa tebulo lake unali utasokonezedwa, majekete awiri ali pansi. Mlonda wa pachipata, bambo wa mwendo umodzi wolumala amene nkhondo inamukana, anamuitanira pambali.

"Mayi, munabwerera usiku kudzasoka?"

"Ine? Ndisiye ana ndibwere kudzasoka mumdima? Ndi maso a kadzidzi?"

"Ndiye makina amalira ndi a ndani? Ndawamva ine. Amaponda pang'onopang'ono, kusiya, kupondanso. Ndipo ndi a kumbali ya zenera, anuwo."

"Nanga bwanji simunalowe kukaona?"

Mlonda anayang'ana kumbali n'kunena kuti iye anamulemba ntchito yolonda chipata, osati makina.

Zimenezi anazimva a Wailesi, ndipo chimene amva a Wailesi chamveka ndi dziko lonse. Dzina limenelo sanawapatse pachabe. Pofika masana nkhani inali itamera miyendo. Ena ankati eni majekete akubwera kudzafuna zovala zawo, poti kumene apitako kukuzizira. Ena ankati pali mkazi wina anafera pa makina amenewo kalekale nkhondo isanayambe. A Wailesi eni ake ankanong'ona mokweza kuti munthu wosunga kiyi ndiye amadziwa amene amalowa, ndipo mkazi akakhala yekha miyezi yambiri, aaa, iwo sakunena kanthu.

Make Mapasa anapsa mtima mpaka singano inamubaya chala. Ntchito yolemetsa, chakudya chochita kulimbirana pamzere, kalata yosabwera, ndiye pamwamba pake mizukwa ndi miseche! Anatembenukira kwa a Chete, amene kwa zaka ziwiri ankagawana nawo chilichonse, kuyambira sopo mpaka misozi.

"Inunso mwangoti duu? Simundiyankhira?"

"Asiyeni alankhule, anzanga," anatero a Chete osadzutsa mutu. Maso awo anali ofiira ngati a munthu amene sanagone.

Lachitatu a kapitawo atawerenga majekete anapeza kuti limodzi likusowa. Anakalipa mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera, akuti katundu wa asilikali si wa agogo a munthu. Lachinayi atawerenganso, onse anali okwana. Mungaganize kuti anakondwa. Ayi ndithu, ndiye anachita kulusa.

"Mukundiyesa mwana eti? Dzulo lasowa, lero labwera. Lili ndi miyendo? Inu Make Mapasa, kiyi ali ndi inu. Zikachitikanso zachibwanazi pofika Loweruka, mundipatse kiyi wanga, ndipo kachipinda kaja mutulukemo. Ofuna malo alipo ambiri."

"Bwana, ine ndalakwa chiyani? Loko ndimakhoma pamaso pa mlonda."

"Ndiye mukafunse lokoyo."

Usiku umenewo Make Mapasa sanagone. Magetsi ankazimitsidwa dzuwa likangolowa poopa ndege za adani, ndipo mdima wake unali woti ukatambasula dzanja suliona. Anagona chagada pakati pa ana ake, khutu lili kukhoma lolekanitsa chipinda chake ndi nyumba yosokeramo. Kwa nthawi yaitali ankangomva kupuma kwa anawo ndi malata akuthetheka ndi kuzizira. Kenaka, kuseri kwa khomalo, mwendo wa mpando unakhwekhwereza pa simenti. Kunakhala bata. Ndiye chopondera cha makina chinayamba, gwede, gwede, gwede, mwaulesi, mosadziwa, ngati munthu amene sanaphunzirepo kusoka koma akungoseweretsa phazi. Thupi lonse linamuchita tsemwe. Mwamuna wake ankachita chimodzimodzi akabwera kudzamudikira kuti aweruke, ndipo iye ankamumenya pa bondo kuti aleke kuwononga lamba wa makina.

Anadziuza kuti ndi makoswe. Koma khoswe wokoka mpando sanamuonepo chibadwire.

Lachisanu anatsimikiza mtima. Mantha anali nawo, inde, koma mkwiyo unaposa mantha. Kaya ndi munthu kaya ndi mzukwa, sukamutulutsa m'chipinda chake iye ali gone. Anatengera ana kwa a Wailesi, amene ngakhale anali ndi pakamwa, mwana wa mnzawo sankamukana. "Mukafa mutiuze," anatero a Wailesi, koma anamupatsa machesi awo omaliza ndi kachidutswa ka kandulo.

Onse ataweruka, anauza mlonda kuti amukhomere m'kati. Kusanade kwenikweni anayang'anitsitsa mulu wa pa tebulo lake kuti adziwe ngati wina angaukhudze. Pamwamba panali jekete lodukira dzanja limodzi. Anakankhira mpando pansi pa tebulo, n'kukakhala pansi kuseri kwa mitolo, lumo lalikulu lodulira nsalu lili m'manja.

Mdima unalowa n'kudzaza nyumba yonse. Fungo la sopo ndi nsalu zonyowa linakula, ndipo pansi pake panali fungo lina limene masana ankadziletsa kuliganizira. Kutali, mizinga inkagunda ngati bingu la mvula ya kwina. Miyendo inachita dzanzi. Sanamve phazi, sanamve mpando, sanamve chilichonse chikuyandikira tebulo lake, ndipo anayamba kudziona kupusa, mayi wa ana awiri kubisalira mphepo.

Kenaka zenera la kumbuyo, la kumalo ochapira, lija chotsekera chake chinathyoka kale, linalira pang'ono. Wina anatsika movutikira, akupuma mwabefu. Mapazi opanda nsapato anayenda pa simenti, osagunda kanthu, ngati a munthu wodziwa pamene pali tebulo lililonse. Anaima pa tebulo la Make Mapasa. Nsalu inakhwakhwaza.

Make Mapasa anakhwatcha machesi.

"A Chete!"

Mayiyo anadzidzimuka, n'kubisa msanga kumbuyo chimene anali atanyamula.

"Inu? Inu ndithu?" Make Mapasa ankanong'ona, koma mwaukali. "Sabata yonse ndikutukwanidwa, ndikunenedwa za amuna, mawa akunditulutsa ndi ana anga, inu muli pomwepo kuyang'ana pansi! Ndinakulakwirani chiyani? Mukufuna kiyi? Mukanangonena!"

"Sindikufuna kiyi, anzanga."

"Nanga mukufuna chiyani pa mulu wanga? Mwabisa chiyani kumbuyoko?"

"Pitani mukagone. Ndapota nanu, pitani kwa ana."

"Bweretsani kuno."

Anayatsa kandulo. A Chete anatulutsa jekete kumbuyoko pang'onopang'ono, koma osalisiya. Linali ndi manja onse awiri.

"Linabwera Loweruka lapitali," ananong'ona. "Pogawa ndinatembenuza kolala, ndinaona. Ine ndikudziwa mmene zimakhalira kulipeza pa tebulo, anthu onse akukuyang'ana, a kapitawo akuti fulumira. Ndinati mnzanga zisamuchitikire choncho. Ndinaliika pansi penipeni pa mulu wanga kuti ndilisoke ndekha lipite. Koma mtima sunakhazikike, ndinabwera usiku kudzaona. Ndinalipeza pamwamba pa mulu wanu."

"Mukunama."

"Ndinalichotsa, ndinalilowetsa m'kati mwa mtolo womanga. Usiku wotsatira linali pa mulu wanu. Lachiwiri ndinapita nalo kunyumba, ndi lija linasowa lija. Ndinagona nditalitsamira. Kunacha lilipo, ndinalitsekera m'bokosi. Madzulo bokosi linali lopanda kanthu, ndipo nditathamangira kuno, linali pompa. Lero masana ndinalikwirira m'thumba la zidutswa. Ndatopa, anzanga. Sindikugona. Likukana."

Make Mapasa anayang'ana mulu wake. Jekete lodukira dzanja lija linali pomwepo, pamwamba monga analisiyira, kusonyeza kuti limene a Chete anatolalo linali litadzakhala pamwamba pake. Ndipo iye anali m'nyumbamo chiyambire madzulo.

"Nanga makina?" anafunsa ndi mawu ouma. "Mumapondereranji makina anga?"

"Ine sindinawakhudzepo. Ndikamafika pazenera ndimawamva, ndikalowa amasiya. Tsiku loyamba ndinkayesa ndinu."

Apa m'pamene Make Mapasa anatambasula manja, ndipo a Chete analeka kukaniza. Anatembenuza kolala pafupi ndi kandulo. Timitanda tiwiri tobiriwira, topendekera kumodzi, ulusi utafwifwa ndi thukuta.

"Majekete a ovulala nawonso amabwera kuno," anatero a Chete mofulumira. "Mukudziwa inu. Si onse amene amakhala kuti..."

Make Mapasa anatambasula jeketelo pa tebulo. Zaka ziwiri za zigamba zinali zitamuphunzitsa kuwerenga mabowo. Bowo la jeketeli linali pansi pa thumba la kumanzere, ndipo atalowetsa chala, chinatulukira pa bowo lina kumsana. Anafufuza mpando kuti aukoke, koma anapeza uli kale kumbuyo kwake, wokokedwa, ndipo anangokhalapo.

Analira, koma mosatulutsa mawu, nkhope ataikwirira m'jeketemo. A Chete anagwada pa simenti n'kumugwira mawondo, osanena zoti limbani mtima, poti ankadziwa kuti mawu amenewo sathandiza kanthu. Kandulo itafika pakati, Make Mapasa anapukuta maso.

"Ili silipitanso kunkhondo. Koma mawa a kapitawo awerenga."

"Awerenge," anatero a Chete, ndipo anadzuka n'kukakoka thumba la zidutswa.

Anakhuthulira pansi majekete otayidwa, aja osatheka kukonzeka. Apa anapeza msana wabwino, apo dzanja, pena kolala. Make Mapasa akati alowetse ulusi, unkaphonya diso la singano, ndiye a Chete ankamulowetsera, iye n'kumasoka. Kandulo itatha anadikira mumdima atatsamirana, ndipo kutangoyamba kuyera anamaliza pafupi ndi zenera. Linali jekete loipa maonekedwe, dzanja lina lalitali pang'ono, koma linali jekete.

Loweruka a kapitawo anawerenga kawiri, onse okwana. Ananyamula losokererasokereralo n'kufunsa kuti chinyansichi wasoka ndani. Amayi onse anali ataona kale maso a Make Mapasa ndi chimene anafunyata m'kati mwa nsalu yake, ndipo palibe anafunsa. A Wailesi ndiwo anayankha.

"Ndine bwana. Maso akukalamba. Mukafuna zokongola mutigulire magalasi."

Kiyi anatsala ndi Make Mapasa, kachipinda kaja kanatsala. Madzulo Make Mapasa anapachika jeketelo pa msomali wa kuseri kwa chitseko, pamene mwini wake ankalipachika, ana atagona kale. Usiku wonse anatchera khutu kukhoma. Kunyumba yosokeramo kunali zii, mpando osakhwekhwereza, makina osalira, ndipo bata limenelo linamuwawa kuposa phokoso lija. Tulo tinamuba kutatsala pang'ono kucha.

Anadzutsidwa ndi ana. Onse awiri anali ataima pafupi ndi chitseko, akusisita manja a jekete.

"Amayi, atate apita kuti m'mawa uno?"

Make Mapasa anadzuka n'kuwayandikira.

"Atate anu sanabwere, ana anga. Ndi jekete lawo lokha."

"Anabwera," anatero winayo, akuloza pakati pa chipinda. "Tinawamva akukoka mpando. Anakhala pamenepo mpaka inu mutagona."