Dzira la Pachivundikiro

Madzulo amenewo amayi ankasefa phulusa monga mwa masiku onse. Ine ndinaima pakhomo la khitchini ndikuwayang'ana atawerama kuseri kwa nyumba, sefa yakale ili m'manja. Anazungulira khola la nkhuku, kenako n'kubwera chafutambuyo mpaka pakhomo kuti asaponde pamene awaza.

Ntchito imeneyi inali ya malemu bambo. Khola analimanga okha ndi malata akutha, ndipo pambali pake panali mulu wa njerwa za chipinda chimene sanachimalize. M'njerwamo munkakhala njoka. Bambo sankaipha. Dzuwa likamalowa ankawaza phulusa kuti m'mawa aone chimene chadutsa usiku, kenako n'kuika dzira limodzi pachivundikiro cha poto pafupi ndi njerwazo.

"Ikadyera panja pano, m'kholamo siilowa," ankatero, akukoka mwendo wawo wakumanzere umene unapuwala atagwa padenga kuntchito. Tinkawaseka kuti akuweta njoka ngati mbuzi. Koma kunena zoona, mwanapiye sanasowepo ndi mmodzi yemwe.

Bambo atamwalira, amayi anapitiriza. Vuto linali loti iwo sankangoika dzira n'kubwerera. Ankakhala panjerwapo mpaka mdima, n'kumayankhula. Nkhaniyi inawapeza achimwene kumene amakhala, ndipo achimwene angawa sachedwa kugamula mlandu.

"Mutu wayamba kusokonekera umenewo," anandiuza pafoni. "Ndikubwera Loweruka. Ndikaona zachilendo ndiwatenga, nyumbayo tigulitse."

Amayi analowa m'nyumba imeneyo ali mtsikana. Kuwachotsamo kunali kuwapha. Ndiye ine, ndi nzeru zanga zothamangazi, ndinati njoka ikafa zokhala panjerwa zitha, achimwene apeza zonse zili bwino.

Njira anandipatsa kalipentala woyandikana nafe. Anandibweretsera mwala woyera, wosalala, msinkhu wa dzira ndendende.

"Muupake dzira laliwisi kuti fungo limveke, chemwali. Ikameza umenewu, kuswa ayi, kulavula ayi. Ikafera kudzenje kwake, inu osaiona n'komwe."

Lachisanu, amayi atalowa kuchipinda, ndinatuluka ndi tochi. Ndinachotsa dzira pachivundikiro, n'kuikapo mwala. Mapazi anga ndinawafufuta ndi phulusa lina. Ndinagona ndi mtima woti ndachita zanzeru.

Chinandidzutsa ndi kugogoda.

Go. Kenako zii. Go.

Chinali chitseko cha khitchini. Koma osati pamwamba pamene munthu amagogoda. Pansi penipeni, pamene chitseko chimakhudza simenti. Sikunali kulira kwa chala ayi. Chinkamveka ngati chinthu cholimba chokulungidwa m'nsanza.

Ndinayenda monyang'ama mpaka kukhitchini. Pazenera sindinaone kanthu, phulusa lokha likuyera mumdima. Nkhuku zinali chete, agalu a anthu nawonso chete. Kenako ndinamva fungo likulowa pansi pa chitseko. Ndinalidziwa pomwepo. Anali mafuta othowera amene bambo ankapaka pamwendo wawo uja. Botolo lake tinalitaya kalekale.

"Wawapatsa chiyani bambo ako?"

Ndinatembenuka. Amayi anali ataima kumbuyo kwanga, opanda nsapato.

"Amayi, kagoneni. Ndi mphepo iyi."

"Mphepo imatsamwa? Tamvera bwino. Akutsamwa."

Ndinamvera. Kunja kuja chinachake chinkapuma movutika, mokoka, ngati mpweya ukudutsa pakabowo kakang'ono.

"Tsegula, mwanawe."

"Sinditsegula, amayi."

Ndinazula kiyi, n'kumubisa m'bulauzi, ndipo ndinakhala pansi msana utatsamira chitseko. Kugogoda kulikonse ndinkakumva m'chiuno. Amayi sanalimbane nane. Anakhala pampando n'kumalira mwakachetechete. Chikhalireni sindinaopepo chotero, ndipo sindidziwa kuti tulo tinandiba bwanji.

Ndinadzuka ndi kuzizira. Kunja kunali kukuyera. Ndinali nditagona pasimenti, chitseko chili pululu, pampando palibe munthu. Ndinagwira pachifuwa. Kiyi anali momwemo.

Amayi ndinawapeza m'khola. Anali atakhala pansi m'zitosi, ndi chovala chogonera, miyendo atatambasula. Nkhuku zonse zinali pamtanda, sizinatsike. Pamiyendo pawo panali mwala uja, wonyowa ndi malovu. Dzanja lawo lamanja linali lokalikakalika mpaka pamkono.

"Ndawachotsa mwalawu pakhosi," anatero osandiyang'ana. "Koma akhumudwa. Akuti pano sakhalanso."

Apa m'pamene ndinayang'ana phulusa. Mzere wa njoka unachokera kunjerwa mpaka pakhomo la khitchini. Kuchokera pakhomopo kupita kukhola panali mapazi a amayi. Pambali pawo mzere wa njoka panalibe. Panali phazi limodzi lalikulu lakumanja, ndipo kumanzere kwake phulusa linali litakokeka, sitepe iliyonse.

Ndinathamangira tsache kuti ndisese, kenako ndiwatulutse amayi, ndiwasambitse. Ndisanayambe, hutala ya galimoto inalira pageti. Achimwene anali atalawirira.

Anadutsa paphulusapo ndi nsapato zawo osayang'ana pansi. Anangoona mayi wawo ali m'zitosi atafungatira mwala.

"Ndiye umati ali bwinobwinotu iwe?"

Ndinayesa kufotokoza, koma nanga ukanayambira pati? Pomwe ndimaloza pansi, panali patangotsala zidindo za nsapato. Anawatenga tsiku lomwelo. Amayi sanakane, sanatsanzike aliyense. Kupatula zovala, ananyamula chinthu chimodzi chokha, chivundikiro cha poto chija.

Ine ndatsala ndekha kudikira ogula nyumba. Kalipentala anagumula mulu wa njerwa, sanapezemo njoka yamoyo kapena yakufa. Azimayi a mumsewu mwathu amanong'onezana kuti mkulu uja maliro ake tinangolira chabe, mwini wake anali asanachoke pakhomo, ndipo amene anamuthamangitsa ndi mwana wake yemwe. Ndikamadutsa amasintha nkhani. Madzulo ndimasefa phulusa, ndimaika dzira pasosala. M'mawa ndimalipeza lili pomwepo, phulusa lili see. Anapiye ayamba kusowa.

Dzana anandiimbira foni alamu anga, akazi a achimwene.

"Alamu, amayi anuwa atitopetsa. Sayankhula ndi munthu. Madzulo amatenga dzira, amaika pachivundikiro kukhonde. M'mawa dzira palibe, ngakhale chikhokhombe. Ife timakhala pamwamba penipeni pa nyumba yosanja, chingakwere kuno n'chiyani? Achimwene anu akuti lero tiikepo chinachake chabodza, tione."

Ndinakhala pansi pomwepo, pasimenti ya khitchini.

"Alamu, musayerekeze," ndinatero. "Chonde, muziika dzira lenileni. Zitsekozo sizithandiza."